ZA MAU AWIRI OKANGANA

Ndiganiza kuti palibe mmodzi mwa inu amene sanaonepo munthu alikuchuna gitala. Amapendeketsa mutu ngati nkhuku yoona kabawi, nakhudza nsambo ziwiri nthawi imodzi, napotoza kiyi pang'onopang'ono kufikira mtima wake utakhazikika. Ambiri a ife timangoyembekeza kuti atsirize msanga tiyambe kuimba, koma tsiku lina mukadzachera khutu bwino lomwe mudzamva cinthu codabwitsa. Pamene nsambo ziwirizo ziri pafupi kugwirizana, liu lao silimveka losalala ai. Limabwera mwamphamvu, nilifooka, nilibweranso mwamphamvu, wo-wo-wo-wo, monga munthu wogwidwa ndi malungo. Wochunayo akapotozabe kiyi, kunjenjemerako kumayamba kucedwa, ndipo potsiriza kumaleka, nsambo ziwiri zija nkumamveka ngati imodzi.

M'buku lathu la fizikisi cinthu cimeneci amacichula kuti beats. Agogo anga aamuna a ku Nsanje, amene sanalowepo m'kalasi, amati mau alikukangana. Ine m'nkhani ino ndidzacichula kugunda, cifukwa cimabwera mobwerezabwereza ngati kugunda kwa mtima, ndipo munthu akhoza kuciwerenga. Ndasankha kulemba za cimeneci popeza caka cino m'kalabu yathu ya nyimbo munabuka mlandu umene unatsala pang'ono kuonongetsa cinthu cimene ndimacikonda koposa, ndipo ndifuna kuti iwo amene panalibe tsikulo amve cifukwa cake tinaugamula monga tinacitiramo.

Tiyambe ndi kufunsa kuti liu n'ciani. Cinthu ciri conse colira cimanjenjemera, kaya ndi nsambo, cikopa ca ng'oma, belu wa sukulu, ngakhale kholingo lathu lomweli. Ponjenjemerapo cimakankha mpweya umene uli pafupi naco, kenaka cimabwerera ndi kuusiya mpweyawo utamasuka. Kukankha ndi kumasuka kumeneku kumayenda mumpweya monga mafunde ayenda pa Shire bwato likadutsa, ndipo tsiku lofunda bwino kumayenda mamita 343 pa sekondi imodzi. Mafundewo akafika m'khutu amagwedeza kanembanemba ka m'kati, ndipo ife timati tamva. Cinthu cikanjenjemera nthawi zambiri pa sekondi liu limakhala lokwera, cikanjenjemera nthawi zocepa limakhala lotsika. Ciwerengero cimeneci amaciyeza mu hertz, potsata dzina la Heinrich Hertz, munthu wa sayansi wa ku Germany. Nsambo yacisanu ya gitala imanjenjemera ka 110 pa sekondi, ndipo khutu la wacinyamata limatha kumva kuyambira pa 20 kufikira pafupifupi 20,000.

Tsono kuti timvetse za kugunda, taganizani amai awiri alikusinja cimanga, ali yense pa mtondo wake. Woyamba amagwetsa munsi ka 30 pa mphindi imodzi, waciwiri ndi wacangu pang'ono, amagwetsa ka 32. Akayamba pamodzi, minsi iwiri imagwa nthawi imodzi ndipo mudzi wonse umamva du! Patapita kanthawi wacangu uja amatsogola, kufikira munsi wake ulikugwa pamene wa mnzake uli m'mwamba. Popitirirabe amadzamposa mnzakeyo ndi kugwetsa kumodzi kwathunthu, ndipo minsi imagwanso pamodzi. Popeza amaposa mnzake ndi 2 pa mphindi, kukumana kumeneku kumacitika kawiri pa mphindi iri yonse. Akafulumira kufika pa 35 adzakumana kasanu. Koma onse awiri akalingana liwiro, sasiyananso konse.

Mafunde a mau amacita cimodzimodzi. Nsambo ziwiri zikakankha mpweya pamodzi liu limamveka lamphamvu, koma ina ikakankha pamene inzake irikubwerera, mphamvu zao zimadyana ndipo liu limafooka, nthawi zina ngati lazimiratu. Cotero lamulo lake n'lapafupi: kugunda kumene timamva pa sekondi kuli kusiyana kwa ziwerengero ziwirizo. Nsambo ya 110 ndi ya 112 zigunda kawiri pa sekondi, ya 110 ndi ya 111 zigunda kamodzi. Phindu lake lagona pamenepa. Palibe munthu angawerenge kunjenjemera 110 pa sekondi, koma ngakhale mwana wa Sitandade 1 akhoza kuwerenga kawiri. Kusiyanako kukapitirira 15 kapena 20, khutu limalephera kuwerenga ndipo limangomva phokoso lokhakhala. Hermann von Helmholtz, m'buku lake la mu 1863, analemba kuti phokosoli limapweteka khutu koposa pamene kugunda kuli pafupi ndi 33 pa sekondi. Kusiyanako kukakulirakulira, timayamba kumva mau awiri osiyana bwinobwino. Amene mudakhalapo pa cigayo pamene injini ziwiri zirikulira pamodzi mudamva kugunda komweku, ngakhale panalibe woimba.

Lamulo limeneli tinaliyesa tokha m'labotale m'teremu yoyamba. Aphunzitsi anatulutsa mafoloko awiri ochunira, tizitsulo ta nthambi ziwiri timene tikamenyedwa timalira liu limodzi losasintha. Onse awiri anali olembedwa 256, ali yense ataimikidwa pa kabokosi ka matabwa kokuza mau. Atawamenya pamodzi tinamva liu limodzi losalala. Kenaka anamata kaphula kunsonga ya foloko imodzi nawamenyanso, ndipo kalasi yonse inaseka, pakuti mafoloko aja anayamba kulira ngati kadzidzi. Mnzathu wina anagwira wochi, ife tonse tirikuwerenga, ndipo tinapeza kugunda 30 pa masekondi 10, ndiko kuti katatu pa sekondi. Foloko ya phula inali itasiyana ndi inzake ndi 3. Koma kodi inali pa 259 kapena pa 253? Kugunda pakokha sikunena. Tinadziwa kuti ndi 253 cifukwa cinthu cikalemera cimanjenjemera mocedwa, monga munthu wosenza mtolo sathamanga. Oimba ng'oma kumudzi amazidziwa bwino zimenezi ngakhale sanaonepo foloko yochunira. Akafuna kuti ng'oma itsike amamata phula pakati pa cikopa, akafuna kuti ikwere amaiwamba pamoto kuti cikopa cikungike.

Masiku ano m'mafoni muli mapulogalamu ochunira oonetsa nambala, koma ife ogonera pa sukulu sitiloledwa kusunga foni, cotero khutu ndilo cida cathu. Njira yake nayi. Sindikizani nsambo yacisanu ndi cimodzi, yaikulu ija, pa mzere wacisanu, ndipo idzapereka liu la 110, lomwe liyenera kufanana ndi la nsambo yacisanu yosasindikiza. Khudzani zonse ziwiri nimumvere. Mukapotoza kiyi kugunda nkufulumira, dziwani kuti mulikutalikira, bwererani. Kukayamba kucedwa, muli pa njira. Citani cimodzimodzi ndi nsambo zinazo, kupatula yacitatu imene isindikizidwa pa mzere wacinai. Pobvuta ndi potsiriza, pamene kugunda kumabwera kamodzi pa masekondi atatu kapena anai. Wothamanga mtima amalekeza pamenepo poganiza kuti watha, koma akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nzeru imeneyi siinayambe dzulo. Ca m'ma 1700 Joseph Sauveur wa ku France anamvera kugunda kwa mipope iwiri ya limba la m'chalichi, napeza nako ciwerengero ca kunjenjemera kwa mipopeyo, nthawi imene kunalibe makina oyezera. Foloko yochunira anaipanga koyamba John Shore, woimba lipenga wa ku England, mu 1711. Koma amene amandikondweretsa koposa ndi Johann Scheibler, mwini nchito yoomba nsalu za silika wa ku Krefeld ku Germany. Iye mu 1834 anafotokoza za mndandanda wa mafoloko 56, ali yense wogunda kanai pa sekondi ndi woyandikana naye, kuyambira liu limodzi kufikira liu lomwelo la pamwamba, monga kucokera pa do kufika pa do wa pamwamba. Pakati pa mafoloko 56 pali mipata 55, ndipo 55 kuculukitsa ndi 4 ndi 220. Popeza do wa pamwamba amanjenjemera kuwirikiza kawiri do wa pansi, kusiyana kwa 220 kukutanthauza kuti foloko yoyamba iri pa 220 ndipo yotsiriza pa 440. Taonani m'mene munthu anawerengera cosawerengeka pongowerenga kanai kanai.

Tsopano ndifike pa mlandu wathu. Agogo anga ndi mmisiri wa ulimba, umene Asena amati valimba. Ndi matabwa a mtengo wa mlombwa ondandalikidwa pa cimango, kuyambira aatali a liu lotsika kufikira aafupi a liu lokwera, ndipo pansi pa thabwa liri lonse pamalendewera cipanda cokuza mau. Pa cipandaco amaboola kabowo namatapo kansalu koyera ka kangaude, kapena kapepala ka pulasitiki masiku ano, kuti liu lizinjenjemera mokoma. Ulimba umodzi amaimba anthu atatu. Pochuna, thabwa likakwera kwambiri agogo amalisema pamimba, kunsi kwake pakati, ndipo limatsika. Likatsika kwambiri amalisema kunsonga ndipo limakwera. Koma nchito imeneyi iri ndi malire, pakuti nsambo ya gitala ukaipotoza ukhoza kuibwezanso, pamene thabwa losemedwa silimeranso.

Ndinali ndi zaka 12 pamene ndinawaona alikusema ulimba wao wotsiriza, wa matabwa 21. Pambali pao anaika ulimba wakale umene anasiyiridwa ndi atate ao, ndipo thabwa liri lonse latsopano ankalimenya pamodzi ndi lakale, khutu ataliyandikiza pafupi. Liu la mtengo limafa msanga, silicedwa ngati la nsambo, cotero munthu ayenera kugwira kugundako m'kanthawi kocepa. Ine ndinafunsa kuti, "Agogo, mumadziwa bwanji kuti lafika?" Anandiyankha m'Cisena, koma tanthauzo lake ndi ili: "Mdzukulu wanga, thabwa limodzi palokha silingakuuze kanthu. Menya awiri umve ngati alikukangana. Akakangana mwaukali, sema ndithu. Akayamba kunong'onezana, gwira mpeni mopepuka. Akakhala cete, ika mpeni pansi." Pamene aphunzitsi anamata phula pa foloko paja, ndinakumbukira mau amenewa, ndipo ndinaona kuti agogo ndi buku la fizikisi alikunena cinthu cimodzi.

M'mwezi wa Marici 2023, pamene namondwe wa Freddy anadzetsa madzi osefukira kwathu, ulimba wakale uja unapita ndi madzi. Watsopanowu unapulumuka cifukwa unali utabwerekedwa ku ukwati kumtunda. Agogo manja ao tsopano amanjenjemera ndipo sagwiranso sompho. Cotero mau a ulimba wa makolo athu atsala m'matabwa 21 amenewa basi. Aphunzitsi oyang'anira kalabu atapempha kuti amene ali ndi zoimbira za kumudzi abwere nazo pokonzekera tsiku la makolo, agogo anabvomera kuti ndiutenge, ndipo atate anandithandiza kuukweza pa basi.

Tsiku loyamba kuuimba, anzanga onse anaomba m'manja. Bvuto linadza pamene tinafuna kuuphatikiza ndi kiyibodi ya sukulu. Thabwa liri lonse limene tinamenya linakangana ndi liu la kiyibodi, ena pang'ono, ena moopsya. Wapampando wa kalabu, mnyamata wa Folomu 4 amene amaimba kiyibodi mwaluso ndithu, anati, "Anzanga, ulimba uwu ngwosachunidwa. Akuluakulu akumudzi amangosema mongoyerekeza." Mnzathu wina wodziwa ukalipentala anadzipereka kuti akhoza kusema matabwa onse masana awiri okha kuti agwirizane ndi kiyibodi, ndipo ambiri anakondwera nazo. Sanali kunena mwacipongwe ai, anali kufuna kuti nyimbo ikome. Koma ine usiku umenewo sindinagone. Ndinadziwa kuti mpeni ukangokhudza matabwawo, mau a makolo anga adzatha pa dziko lapansi, ndipo ndinalibe yankho limene ndikanapita nalo kwa agogo.

M'mawa mwake ndinakadandaula kwa aphunzitsi, amenenso amatiphunzitsa fizikisi. Sanagamule okha, koma anabwera ku msonkhano wa kalabu atatenga foloko ya 256 ija. Anationetsa kuti pa foloko palembedwa cilembo C, napempha wapampando kuti asindikize C wa pakati pa kiyibodi. Atamenya foloko, tonse tinamva kugunda kofulumira, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa sekondi. "Zonse ziwirizi zacokera kunja," anatero aphunzitsi, "ndipo zonse ziwiri zilembedwa C. Nanga cosachunidwa n'citi?" Panalibe woyankha. Pamenepo anafotokoza kuti C wa kiyibodi ali pa 261.6 cifukwa kiyibodi imatsata pangano lakuti A akhale pa 440, pamene anthu a sayansi anasankha 256 cifukwa imagawika bwino pawiri pawiri, 128, 64, 32, kufikira pa 1. Pangano la 440 nalonso n'la anthu. Dziko la France mu 1859 linaika lamulo lakuti A akhale pa 435, ndipo mu 1939 ndi pamene msonkhano wa maiko ku London unagwirizana za 440.

Aphunzitsi sanalekeze pamenepo. Anati kiyibodi imakangana ngakhale yokha, ndipo anatimvetsa ndi makutu athu. Nsambo siinjenjemera yathunthu pokha, imanjenjemeranso m'zigawo, cotero liu la 220 limakhala ndi timau tina tobisika pamwamba pake, 440, 660, 880, 1,100, kunka m'tsogolo. Tikatenga 220 kukhala do, so wogwirizana naye kotheratu ayenera kukhala 330, pakuti liu lake lobisika loyamba ndi 660, lofanana ndi la do. Koma so wa pa kiyibodi ali pa 329.6, ndipo kuwirikiza kawiri ndi 659.3. Wapampando atasankha liu la limba la m'chalichi, limene silifa msanga, nasindikiza do ndi so, tinamva kugunda kocedwa, pafupifupi katatu pa masekondi anai. Do ndi mi zinaposa apa. Mi wogwirizana kotheratu ndi 275, amene kuculukitsa ndi 4 afika pa 1,100, koma wa pa kiyibodi ndi 277.2, amene afika pafupi ndi 1,109. Kugunda kwake ndi pafupifupi 9 pa sekondi. Zaka zonsezi takhala tirikumva kukangana kumeneku m'nyimbo iri yonse, koma makutu athu anakuzolowera monga munthu azolowera phokoso la mtsinje wa pafupi ndi nyumba yake.

Mwina mudzafunsa cifukwa cake opanga makiyibodi sakonza zimenezi. Yankho ndi lakuti masamu salola. Mukakwera kucokera pa do kufika pa so, ndi kuyesa so ameneyo ngati do watsopano, ndi kukweranso cotero ka 12, muyenera kufika pa liu lomwe mukadafikapo mutakwera kucokera pa do kufika pa do wa pamwamba ka 7. Koma 1.5 mukaiculukitsa yokha ka 12 ipereka 129.7, pamene 2 mukaiculukitsa yokha ka 7 ipereka 128. Njira ziwirizi sizikumana. Cotero amisiri a ku Ulaya anagwirizana kugawa kotsalako pakati pa masitepe onse 12 mofanana, kuti pasakhale malo amodzi oipitsitsa, ngakhale kuti malo onse alakwe pang'ono. Wochuna piyano, imene iri ndi nsambo pafupifupi 230, amagwira nchito ziwiri zosiyana. Pa nsambo ziwiri kapena zitatu za liu limodzi amapha kugunda konse, koma pakati pa do ndi so kapena do ndi mi amasiya kugunda dala, nakuwerenga kuti kukhale pa mlingo wake.

Nanga ulimba? Amisiri a ulimba anagawa mtunda womwewo, wa pakati pa do ndi do wa pamwamba, m'masitepe 7 otalikirana pafupifupi mofanana. Tinawerengetsa pa bolodi kuti masitepe otere, poyambira pa 220, angafike pa 243, 268, 296, 327, ndi kupitirira kufikira 440. Pa kiyibodi mau oyandikana nao ndi 247, 262, 294 ndi 330. Cotero loyamba ligunda kanai pa sekondi, laciwiri kasanu ndi kamodzi, lacitatu kawiri, lacinai katatu, ndiko kukangana kumene tinamva kuja. Aphunzitsi anayeza matabwa athu ndi foni yao. Ziwerengero sizinagwe ndendende pa za pa bolodi, koma masitepe ake anali oyandikira kufanana, ndipo thabwa liri lonse linagwirizana bwino ndi lacisanu ndi citatu pamwamba pake. Munthu wongoyerekeza sangacite zimenezi pa matabwa 21.

Anatiuzanso za Hugh Tracey, amene anayenda maiko ambiri a mu Africa kujambula nyimbo, nafika m'dziko lathu lino mu 1950 ndi mu 1958, nthawi imene linkachedwa Nyasaland. Iye ankayenda ndi bokosi la mafoloko 54, kuyambira pa 212 kufikira pa 424, otalikirana ndi 4 monga a Scheibler aja, kuti liu liri lonse limene angakumane nalo lisatalikire foloko ina kuposa 2. Ndi mafolokowo ankayeza zoimbira za anthu ndi kulemba ziwerengero zake monga anazipezera, osazisintha. Mu 1954 anakhazikitsa International Library of African Music, imene tsopano iri pa Rhodes University ku Makhanda, South Africa, ndipo mwana wake Andrew Tracey analemba za valimba mu 1991. Ndinadzifunsa mumtima kuti ngati mlendo anaona kuti mau amenewa ngoyenera kuyezedwa ndi kusungidwa, ife eni ake tingawaseme bwanji masana awiri?

Cinanso cimene cinatidabwitsa ndi cakuti kwina anthu amakufuna kugundako. Pa cisumbu ca Bali ku Indonesia, zoimbira za citsulo za gulu lochedwa gamelan amazipanga ziwiriziwiri, cina cokwera pang'ono kuposa cinzake, kuti zikalira pamodzi zigunde kangapo pa sekondi. Kugunda kumeneku amakuchula ombak, kutanthauza funde, ndipo kwa iwo nyimbo yopanda ombak imamveka yakufa. Akodiyoni nayonso, imene ambiri tinaimvapo pa wailesi, kawirikawiri iri ndi timalilime tiwiri pa liu limodzi tosiyanitsidwa dala, ndipo kunjenjemera kwake kokoma kuja kumacokera pamenepo.

Titamva zonsezi tinakambirana kufikira belu wa cakudya. Wapampando ananena mfundo imene ndiyenera kuibvomera kuti inali yoona, yakuti nyimbo zambiri za kwaya yathu zinapekedwa pa masitepe a kiyibodi, ndipo coimbira cosagwirizana nazo cidzasoceretsa oimba. Cotero tinagwirizana zinthu zitatu. Coyamba, ulimba wa agogo usakhudzidwe ndi mpeni, ndipo pa tsiku la makolo uimbidwe pa nthawi yakeyake pamodzi ndi ng'oma ndi masece, ndi nyimbo za kwao. Caciwiri, mnzathu kalipentala uja aseme matabwa ena atsopano ogwirizana ndi kiyibodi, nchito imene waiyamba kale, ndipo madzulo mukadutsa kuseri kwa holo mudzampeza alikumenya thabwa ndi kusindikiza kiyibodi, khutu liri pafupi, monga agogo amacitira. Cacitatu, ziwerengero za matabwa onse 21 zilembedwe m'buku la kalabu ndi pa pepala lina lopita kumudzi, kuti madzi akadzabweranso asadzatenge zonse.

Pa tsiku la makolo tinauimba atatu, ine ndi anzanga awiri amene ndinawaphunzitsa masabata anai. Mai wina wokalamba wa kucigwa kwathu, amene anadza kudzaona mdzukulu wake, anaimirira pakati pa holo nayamba kubvina, ndipo pambuyo pake anandigwira dzanja nandifunsa dzina la mudzi wathu.

Cimene ndatolapo pa nkhani yonseyi n'cakuti kugunda ndi mboni yokhulupirika pa funso limodzi lokha. Kumatiuza kuti mau awiri atalikirana bwanji, ndipo pamenepo sikunama. Koma funso lakuti liu loyenera kusuntha ndi liti, kapena ngati pali loyenera kusuntha konse, ayenera kuliyankha ndi anthu, atayamba afunsa kumene liu liri lonse linacokera. Tsono anzanga, chuthi cayandikira. Ambiri a inu kwanu kuli bangwe, kalimba, mangolongondo kapena kaligo, ndipo mwina zirikudyedwa ndi ciswe kuseri kwa nkhokwe. Ndikupemphani kuti mukazitulutse, mukafunse eni ake m'mene amazichunira ndi mau amene amanena pochunapo, nimukalembe. Mukabwera nazo teremu ya mawa, aphunzitsi alonjeza kuti adzatithandiza kuziyeza. Ine ndirikupita ndi pepala lija kwa agogo, ndipo ndakonza zowapempha kuti, ngakhale manja ao sagwiranso sompho, akakhale pambali panga ndi kundiuza pamene ndiyenera kuika mpeni pansi.

Wophunzira wa Folomu 3